Njinga Yamoto pa Chonde: Kugula, Kukonza ndi Kuphunzira Kuyendetsa

Munthu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo, akapitirira pa Luchenza ndi kuoloka mtsinje wa Thuchila, amafika pa Chonde m'boma la Mulanje. Malo amenewa ngodziwika m'Malaŵi monse popeza mpamene pali likulu la Mulhako wa Alhomwe, ndipo kuyambira chaka cha 2008 namtindi wa anthu wakhala ukusonkhana pamenepo, kawirikawiri m'mwezi wa Okutobala, kudzaona tchopa ndi magule ena a makolo. Koma mlendo wotsika basi pa Chonde tsiku wamba amalandiridwa ndi phokoso lamtundu wina. Asanaponde pansi nkomwe, anyamata a kabaza amuzungulira kale, aliyense akuliza njinga yake yamoto ndi kulonjeza kuti akamtula pakhomo penipeni.

Omvera achikulire akumbukira kuti kale mthuthuthu unali chinthu chosowa. Ukamveka kulira patali, ana amathamangira kumsewu chifukwa amadziwa kuti akudutsa wansembe, mlangizi wa zaulimi, woyendera sukulu kapena mkulu wina wa ku minda ya tiyi. Njinga za masiku amenewo zinali za ku Japan: Yamaha AG100 imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1973 kuti iziyenda m'minda, ndi Honda CG125 imene inatuluka m'chaka cha 1975. Honda imeneyi ili ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Opanga ake anaona kuti m'maiko otentha ndi afumbi anthu ambiri sasintha oyilo pa nthawi yake ndipo amapita kwa makaniko pokhapokha njinga itaima. Tsono anapanga injini yosavuta, yopirira nkhanza za mwini wake. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu kuyambira cha m'ma 2010 zinatengera injini yomweyo, ndipo nchifukwa chake makaniko wa pansi pa mtengo amatha kuzimasula ndi masipanala anayi okha.

Kutsika kwa mtengo ndiko kunasintha zinthu. Njinga monga Lifo ndi zinzake zinayamba kulowa mochuluka, zina kudzera m'masitolo a ku Limbe, zambiri kudzera ku Milange m'dziko la Mozambique, kutsidya kwa chipata cha Muloza chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma la Mulanje. Mlimi wogulitsa nandolo zaka ziwiri zotsatana, mphunzitsi wotenga ngongole, mnyamata wobwera ku Joni, onsewa anayamba kufikira chinthu chimene makolo awo amangochionera kwa alendo. Lero mayi woyembekezera wa m'mudzi wakutali amafika ku chipatala cha Chonde mwa mphindi zowerengeka, pamene kale akanayenda m'mawa wonse pa njinga yakapalasa. Ubwino wotere palibe angautsutse. Koma njinga yomweyo yasautsanso mabanja ambiri, ena pa chuma, ena pa moyo weniweni, ndipo kawirikawiri vuto limayambira pa tsiku logula.

Wogula ayenera kufunsa za mapepala asanafunse za mtengo. Njinga yolowa kuchokera kunja imayenera kulipiridwa msonkho ku Malawi Revenue Authority, kenaka kulembetsedwa ku ofesi yoona za pamsewu, ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene kwa anthu a ku Mulanje yapafupi ili ku Blantyre. Kumeneko ndiko kumachokera nambala, monga ija yoyamba ndi MJ ya boma la Mulanje, pamodzi ndi chikalata cha umwini chimene ambiri amachitcha bulu buku. Njinga yodutsa njira zachidule za m'malire imaoneka yotsika mtengo, koma mwini wake amakhala ngati gwape, kuyenda chotchera khutu, kukhotera m'tinjira akangoona apolisi. Ikabedwa, alibe chokaonetsa ku polisi kuti inali yake. Ikakhala kuti inabedwa kale kwa munthu wina, amene amagona m'chitokosi ndi amene wapezeka nayo. Pa njinga iliyonse pali manambala awiri odindidwa pachitsulo, ina pa khosi la felemu pansi pa chiwongolero, ina pa injini. Manambalawa afanane ndi olembedwa pa chikalata. Ngati pamalopo paoneka popalidwa kapena popakidwa penti yatsopano, wogula abweze ndalama zake m'thumba.

Pogula njinga yogwirapo kale ntchito, nzeru ndi kufika m'mawa injini ikali yozizira. Wogulitsa wochenjera amaiyamba walizitsa kuti mlendo apeze ikulira msanga. Injini yabwino imadzuka ndi kiki imodzi kapena ziwiri ngakhale yagona usiku wonse. Utsi wobiriwira motuwa wotuluka ku ekizozi ukutanthauza kuti injini ikutentha oyilo, ndiye kuti maringi a pisitoni atha. Wogula agwire gudumu la kumbuyo ndi kuligwedezera uku ndi uku. Likamasewera, mabelingi kapena mabushi apita. Ayang'anenso pansi pa felemu ngati palibe powotcherera, pakuti njinga imene inathyokapo msana chifukwa cha katundu wolemera siyendanso mowongoka.

Tsono pali masamu amene ambiri amawathawa. Njinga ya 125cc kapena 150cc yosamalidwa bwino imayenda makilomita 35 kapena 40 pa lita imodzi ya petulo. Ikasenza anthu awiri ndi thumba la chimanga m'njira ya matope, imamwa koposa apo. Mnyamata wa kabaza woyenda makilomita 100 pa tsiku amatentha malita pafupifupi atatu. Ngati oyilo asinthidwa pa makilomita 1,500 alionse, monga kuyenera m'dera la fumbi, ndiye kuti mnyamatayo afunika lita ya oyilo watsopano pa masiku 15 alionse. Pamwamba pa izi pali matayala, tcheni, mabuleki, inshuwalansi ndi chiphaso. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, kotero kuti pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo inalumpha nthawi yomweyo, pamene wokwera kabaza anapitiriza kunenerera monga kale. Eni njinga ambiri amaipereka kwa mnyamata kuti azibweretsa ndalama yakutiyakuti madzulo alionse. Pangano lotere likapanda kunena poyera amene adzagula oyilo ndi amene adzalipira tayala likaphulika, mwini njinga amayembekezera mnyamata, mnyamata nayembekezera mwini njinga, ndipo injini imayenda ndi oyilo wakuda bii mpaka kuuma. Mnyamata wopanikizidwa ndi ndalama ya tsiku ndiyenso amathamanga mopitirira muyezo ndi kukweza anthu atatu.

Kuti munthu athe kudzithandiza njinga ikamfera pa njira, ayenera kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa injini. Nzeru yake njakale: Nikolaus Otto wa ku Germany anaikonza m'chaka cha 1876, ndipo m'chaka cha 1885 Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach anaika injini yotere pa njinga ya matabwa. M'kati muli pisitoni, chitsulo chonga kapu yovundikira, chimene chimakwera ndi kutsika mu mphika wake. Potsika koyamba, pisitoni imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo kuchokera ku kabuleta. Pokwera, mavavu onse awiri atatseka, imaupanikiza mpweyawo pa malo ochepetsetsa. Pamenepo pulagi imathetheka, mpweya uja nuyaka mwamphamvu ndi kukankhira pisitoni pansi. Apa ndiye pochokera mphamvu yonse yoyendetsa gudumu. Pokweranso kachiwiri, pisitoni imatulutsa utsi. Zinayi zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri pa kamphindi kamodzi. Choncho injini imafuna petulo, moto, mpweya ndi kupanikiza. Ikakana kulira, chimodzi mwa zinayizi chasowa, ndipo ntchito ya woyendetsa ndi kufufuza chimodzichimodzi, kuyambira chosavuta.

Chosavuta koposa ndicho chimachititsa manyazi. Anthu ambiri akankhapo njinga mtunda wautali thukuta lili kamukamu, nakapeza kwa makaniko kuti kampopi ka petulo ka pansi pa thanki kanali kotseka, kapena kuti petulo anatsika ndipo kamafunika kungotembenuzidwira pa rizevu. Njinga zina zili ndi kabatani kofiira kozimitsira injini pa chiwongolero, kamene mwana wosewera angakadinize. Izi zikakhala bwino, woyendetsa amasule kasikulu ka pansi pa kabuleta. Petulo akatuluka, ndiye kuti njira yake njotseguka. Akapanda kutuluka, paipi kapena kasefa katsekeka. Nthawi zina chimatsekeka ndi kabowo ka mpweya ka pa chivundikiro cha thanki. Njinga imayenda pang'ono nkuzima, ndipo chivundikiro chikatsegulidwa kumamveka kupuma, injini nkudzukanso.

Petulo wotuluka pa kasikuluko ndi bwino kumulandira pa chikhatho kapena m'kabotolo koyera ndi kumuyang'anitsitsa. Madzi ngolemera kuposa petulo, motero amakhala pansi ngati timikanda. Pa Chonde ndi m'midzi yozungulira njinga zambiri zimamwa petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu, makamaka pa nthawi ya kusowa kwa mafuta monga kunachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012 ndiponso kuyambira 2022. Petulo wotere angakhale ndi madzi, fumbi, ngakhale palafini wothiridwamo mwadala. Palinso china: kuyambira chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chosatsekedwa bwino m'nyengo ya chiperoni, kapena thanki yokhala mopanda kanthu masabata angapo, zimasonkhanitsa madzi mosaoneka. Mankhwala ake ngosavuta: kukhetsa petulo wa mu kabuleta mpaka atayera, ndi kusefa petulo wa m'botolo ndi kansalu koyera pothira.

Petulo akakhalapo, funso lotsatira ndi la moto. Woyendetsa aliyense ayenera kukhala ndi sipanala ya pulagi ndi pulagi ina yapadera. Amasule pulagi, aibwezere m'chipewa chake cha waya, akhudzitse chitsulo chake pa injini, atagwira pa labala ndi kutalikira bowo la pulagi, kenaka aponde kiki. Moto wabwino umaoneka wobiriwira ndipo umamveka kuthetheka. Wofiira ndi wofooka, kapena kusoweratu, ukutanthauza pulagi yakufa, chipewa chonyowa, waya woduka kapena koyilo yopsa. M'nyengo ya mvula, njinga yozima itangodutsa pa chithaphwi kawirikawiri imangofuna kupukutidwa chipewa cha pulagi. Mpata wa kunsonga ya pulagi ukhale mamilimita 0.6 kapena 0.7, pang'ono kuposa kukhuthala kwa chikhadabo.

Pulagi imanenanso za umoyo wa injini kwa wodziwa kuiwerenga. Nsonga yofiirira ngati mtedza wokazinga ikusonyeza kuti zonse zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikuti petulo wachuluka ndipo mpweya wachepa. Kawirikawiri ndiye kuti choko chaiwalidwa chotseka kapena sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Yakuda monyowa ndi oyilo ikuti maringi atha. Yoyera mbee ndiyo yoopsa, pakuti ikusonyeza kuti petulo wachepa ndipo injini ikutentha kwambiri. Apa mpofunika kudzudzula chizolowezi china chofala pakati pa anyamata a kabaza, chofinya kabuleta kuti njinga izimwa pang'ono, ndi china chochotseratu sefa ya mpweya kuti njinga izilira mokweza. Petulo wopulumutsidwayo ngochepa pomuyerekeza ndi mtengo wa pisitoni yatsopano. Fumbi la m'misewu ya m'midzi likalowa mu injini limasanduka ngati mchenga wotsukira mapoto, ndipo limadya chitsulo tsiku ndi tsiku. Sefa ya siponji imachapidwa ndi palafini, kuumitsidwa, kudonthezeredwa oyilo pang'ono ndi kufinyidwa; ya pepala imangokunthidwa kapena kusinthidwa.

Injini zimenezi zilibe madzi oziziritsa. Zimazizira ndi mphepo yodutsa pa tizitsulo tonga zipsepse tozungulira mphika wa pisitoni. Matope akauma pakati pa tizitsulo timeneti, kutentha kumatsekeredwa m'kati. Njinga yokwera chitunda pa giya yoyamba itasenza katundu wolemera imatentha msanga chifukwa ikugwira ntchito yaikulu popanda mphepo yokwanira. Ikayamba kufooka ndi kununkha, iimitsidwe pamthunzi mpaka izizire yokha. Kuithira madzi ozizira kungang'ambe chitsulo. Oyilo ayang'anidwe m'mawa uliwonse njinga itaima chilili pa malo osalala. Injini yotere imasunga oyilo wosapitirira lita imodzi, ndiye kuchepa kwa kapu imodzi nkwakukulu. Njinga yatsopano isathamangitsidwe pa makilomita 1,000 oyamba, ndipo oyilo wake woyamba atayidwe msanga, pa makilomita 500, chifukwa amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo tochokera m'ziwalo zimene zikuzolowerana.

Tcheni ndicho chimavutika koposa m'dera la mvula yambiri ngati Mulanje. Chikakhwefuka chimagwa, ndipo chikagwa njinga ikuthamanga chingakole gudumu la kumbuyo ndi kuponya anthu pansi. Chikamangika kwambiri chimadya mabelingi ndi kuduka. Pakati pake, chikakankhidwa ndi chala, chiyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu. Pochimanga, tizizindikiro ta mbali zonse ziwiri za gudumu tifanane, kuti gudumulo lisapendekere. Kachitsulo kotsekera polumikizira tcheni kali ndi mutu ndi miyendo. Mutu wake uyang'ane kumene tcheni chikuyendera, chifukwa kakatembenuzidwa, kamakoledwa ndi kuthothoka. Mano a sipuloketi akasongoka ndi kupindika ngati minga ya mkandankhuku, tcheni ndi masipuloketi onse awiri zisinthidwe pamodzi. Tcheni chatsopano pa sipuloketi yakutha sichikhala mwezi.

Za tayala lophwa ambiri akuzidziwa kale kuchokera ku njinga yakapalasa, ndipo kusiyana kwake nkochepa: gudumu ndi lolemera ndipo tayala ndi louma. Chimene chimaiwalika ndi kupapasa m'kati mwa tayala ndi zala chubu chisanabwezedwe, pakuti munga kapena msomali wotsalira umaboolanso chigamba chisanaume. Pobwezera, chubu chipopedwe pang'ono kuti chitsulo chotsegulira tayala chisachitsine. Kuyendetsa njinga tayala litaphwa, ngakhale mtunda waufupi, kumang'amba chubu pa vavu ndi kupinda limu, kotero vuto la chigamba chimodzi limasanduka la gudumu lonse. Pampu yaing'ono, zigamba, guluu, zitsulo ziwiri zotsegulira tayala, pulayala, sikuludiraiva, masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, waya wofewa ndi kebulo yapadera ya kilatchi, zonsezi zimakwana m'kathumba kamodzi.

Amakaniko a m'mbali mwa msewu ngoyenera ulemu. Ambiri anaphunzira poyang'ana manja a anzawo, ndipo amatha kudzutsa njinga imene kwina ikanatayidwa. Komabe si onse. Makaniko wabwino amayamba wafunsa mmene njinga inazimira ndi kumvetsera kulira kwake asanagwire sipanala. Amayala chiguduli pansi kuti ziwalo za injini zisagwere mu mchenga. Amabwezera mwini njinga chitsulo chakale chimene wachotsa. Wothamangira kutsegula injini pa vuto lililonse, kapena womenya nati ndi hamala ndi tchizulo, ngofunika kumuthawa. Pali zinthu zina zosayenera kuzigamba konse. Kebulo ya buleki yoyamba kuduka timawaya isinthidwe, isamangidwe mfundo. Foloko yopindika pa ngozi ikawongoledwa ndi moto imafooka, ndipo imadzathyoka tsiku limene munthu sakuyembekezera.

Nanga kuyendetsako kumaphunziridwa bwanji? Kunena zoona, ambiri pa Chonde ndi kwina konse amaphunzira madzulo amodzi pa bwalo la mpira, mnzawo akuthamanga pambali, ndipo m'mawa mwake ali pa siteji kudikira okwera. Bwalo la mpira si loipa. Ndi malo abwino oyambira. Choipa ndi kuchokapo msanga. Lamulo la pamsewu la m'chaka cha 1997 limafuna kuti woyendetsa akhale ndi laisensi, ya A1 pa njinga yosapitirira 125cc ndi ya A pa yoposa apo, ndipo asanaitenge amayesedwa pa zizindikiro za pamsewu ndi pa kayendetsedwe. Ulendo wa ku Blantyre ndi ndalama zake nzolemetsa kwa mnyamata wa kumudzi, ndipo madandaulo amenewa ngomveka. Koma malamulo a pamphambano ndi tanthauzo la mizere ya pa tala sizidziwika mwa kubadwa nazo. Safunsa anadya phula.

Phunziro loyamba ndi la kilatchi. Wophunzira akhale pa njinga, alowetse giya yoyamba, kenaka amasule dzanja lamanzere pang'onopang'ono mpaka amve njinga ikufuna kunyamuka, nkugwiranso. Achite zimenezi kambirimbiri osapita kulikonse, mpaka dzanja lidziwe lokha pamene kilatchi imagwirira. Ngozi zambiri za tsiku loyamba zimadza pamene njinga yalumpha, wophunzira nachita mantha, nagwiritsitsa chiwongolero, ndipo pogwiritsitsapo napotokola mafuta. Chipulumutso nchimodzi: kukoka kilatchi, pakuti ikakokedwa injini ingalire motani gudumu silandira mphamvu. Wophunzira afunsenso kayalidwe ka magiya a njinga imene wakwera. Pa njinga zambiri za ku Japan giya yoyamba imapondedwa pansi ndipo zotsatira zimakwezedwa m'mwamba, pamene pa zina za ku China zonse zimapondedwa pansi. Wozolowera mtundu umodzi akabwereka wina angatsitse giya pamene amafuna kukweza.

Phunziro lachiwiri ndi la maso. Njinga imapita kumene woyendetsa akuyang'ana. Woyang'anitsitsa dzenje amagweramo, woyang'anitsitsa mbuzi amaigunda. Maso ayang'ane mpata wodutsapo, ndipo pokhota ayang'ane kumene njira ikuthera.

Phunziro lachitatu, limene ambiri amalidumpha, ndi la mabuleki. Pali chikhulupiriro chofala chakuti buleki ya kutsogolo imagwetsa, mwakuti ena amaimasuliratu. Zoona zake nzakuti poima, kulemera konse kwa njinga ndi anthu kumatsamira kutsogolo, ndipo pa tala pouma buleki ya kutsogolo ndiyo imagwira magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi a ntchito yoimitsa. Woponda ya kumbuyo yokha amangokhwekhwereza tayala. Chogwetsa ndi kuitswinya modzidzimutsa, makamaka chiwongolero chitakhota kapena pa mchenga. Iyenera kufinyidwa pang'onopang'ono ndi kuonjezera mphamvu, monga pofinya ndimu, pamodzi ndi ya kumbuyo. Pa matope ndi pa miyala yosalala ndiye ya kumbuyo imatsogola, ndipo liwiro lichepetsedwe munthu asanafikepo. Njanji ya pa Luchenza, monga chitsulo chilichonse chonyowa, idutsidwe mowongoka, popanda kukhota kapena kugwira buleki gudumu lili pamwamba pake.

Masamu a liwiro ngosavuta koma ngoopsa. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Munthu akaona mwana akudumphira mumsewu, pamapita sekondi kapena kuposerapo dzanja lisanafike pa buleki, ndiye kuti mamita 17 apita kale. Komanso liwiro likawirikizidwa kawiri, mtunda woimira umawirikizidwa kanayi. Nchifukwa chake pa msika wa Chonde, pamene anthu, njinga zakapalasa ndi maminibasi zimapingasana, makilomita 30 pa ola ngokwanira. Pa msewu waukulu pamadutsanso malole a tiyi ndi a katundu wa ku Muloza. Dalaivala wa lole saona njinga imene yabisala pambali pake kapena kumbuyo kwenikweni. Ngati woyendetsa njinga sakuona kalilole wa lole, nayenso sakuoneka. Kudutsa lole kumanzere pamene ikukonzeka kukhota kwapha ambiri. M'miyezi ya chiperoni, nkhungu ikatsika kuchokera ku phiri, nyali iyatsidwe ngakhale masana.

Kunyamula munthu ndi luso lina lapadera, loyenera kubwera patapita masabata. Wokwera amasintha kulemera kwa njinga, amatalikitsa mtunda woimira ndipo amapepukitsa gudumu la kutsogolo. Akhale moyandikira woyendetsa, mapazi onse pa zopondera, ndipo pokhota atsamire pamodzi ndi njinga. Amayi okhala cham'mbali alibe chogwirira njinga ikagwedezeka, ndipo nsonga ya chitenje yolendewera ingakoledwe ndi tcheni kapena masipoko. Chitenje chikulungidwe bwino ulendo usanayambe. Ekizozi ili kumanja ndipo yaotcha akatumba a anthu osawerengeka, motero kukwera ndi kutsika kuchitikire kumanzere. Mwana wokhazikidwa pa thanki ndiye woyamba kuuluka buleki ikagwidwa mwadzidzidzi.

Za chisoti cha kumutu pasakhale kukambirana. Lamulo limachifuna kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, ndipo kafukufuku amene bungwe la World Health Organization lakhala likumutchula anapeza kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala kwa m'mutu ndi 69 peresenti. Mawu akuti chovalidwa bwino ngofunika: chisoti chosamangidwa lamba pachibwano chimavuka munthu asanafike pansi, ndipo chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba sichinapangidwire ntchito imeneyi. Chisoti chimene chamenyekapo mwamphamvu chatha ntchito ngakhale kunja chikuoneka chabwino, pakuti chofewa cha m'kati mwake chimaphwanyika kamodzi kokha. Nsapato zotseka ndi jekete lokhuthala zimapulumutsa khungu limene patapata ndi malaya opyapyala sizingateteze. Kachasu ndi chiwongolero siziyendera limodzi. Tambula imodzi yokha imachedwetsa dzanja ndi kulimbitsa mtima monyenga.

Ngozi ikachitika, anthu a chifundo ndiwo nthawi zina amaonjezera kuvulala. Wogwa asadzutsidwe mokoka kapena kukhazikidwa tsonga. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo yake, agonekedwe mowongoka pa chitseko kapena thabwa, mutu utagwiridwa kuti usagwedezeke, ndipo anyamulidwe pa galimoto, osati pa njinga ina. Chisoti chisavulidwe pokhapokha ngati akulephera kupuma. Pa bala lotuluka magazi patsindikizidwe nsalu yoyera mwamphamvu, popanda kuthirapo dothi, petulo kapena mafuta a buleki monga ena amachitira. Mwendo wothyoka umangiriridwe ku ndodo mmene uliri, osayesa kuuwongola. Wovulala kwambiri asapatsidwe madzi kapena chakudya, chifukwa angafunike opaleshoni. Amene anakomoka ngakhale kamphindi kochepa apite ku chipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, pakuti magazi okhera m'kati mwa mutu amadzaonekera patapita maola.

Kuchokera pa chipatala chaching'ono cha Chonde, wovulala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Mulanje, ndipo zikavuta, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kapena kuposerapo kuti ligwirane, ndipo miyezi yonseyo njinga imakhala itaima pamene ngongole yake ikuyendabe. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza, yotsika mtengo ija, imalipira munthu wina amene wagundidwa kapena katundu wake. Siilipira woyendetsa mwini kapena kukonzetsa njinga yake. Amene akufuna kuchita kabaza anene poyera kwa a inshuwalansi kuti njingayo izinyamula anthu olipira, ndipo afunse kuti amuonetse pa pepala mzere umene ukunena za wokwera kumbuyo.